Kulumikiza makina ojambulira mapulogalamu pa TV ya panyumba kuno kuchigwa cha Shire

Kuno kuchigwa, kuchokera pa Thabwa kutsika mpaka ku Marka, zithunzi za kanema zimalowa m'nyumba kudzera pa dishi kapena pa eriyo yokwezedwa pamtengo. Zikatero zimayenda mu nthambo yobulungira ija, ya waya mmodzi pakati, mpaka pa dikoda. Makina ojambulira amakhala panjira yomweyi. Kusomeka mawaya kwenikweniko ndi ntchito ya mphindi 20. Chovuta n'chakuti kujambula kumachitika inu muli kumunda, kumsika wa pa Dyeratu kapena muli mtulo. Mukamaonera, chithunzi chikadukiza masekondi awiri mumangodandaula n'kupitiriza. Pojambula, kudukiza komweko, kapena magetsi kungophethira, kungathe kuononga fayilo yonse. Ndiye malangizowa akhazikika kwambiri pa zinthu zimene zimapha chojambulidwa: nthambo, mphamvu ya magetsi, kutentha ndi wotchi.

Yambani mwadziwa makina amene muli nawo

Ofala kwambiri ndi madikoda okhala ndi bowo la USB, kaya a dishi kaya a eriyo, amene amajambulira pa fulashi kapena pa hadi disiki yakunja. Musakhulupirire bowo lokhalo. Madikoda ena, makamaka a makampani olipiritsa pamwezi, ali ndi USB yongolowetsera mapulogalamu a kampaniyo oyendetsera dikodayo ndipo sajambula n'komwe. Yang'anani pa rimoti ngati pali batani lolembedwa REC kapena la kadontho kofiira, kenako lowani mu Menu mufufuze mawu akuti PVR, Record kapena Timeshift. Akasowa onsewa, dikodayo ndi yoonerera basi.

Achiwiri ndi madikoda okhala ndi disiki m'kati mwake, monga DStv Explora. Achitatu ndi makina akale ojambulira pa DVD kapena pa disiki, amene amabwera ndi abale ochokera ku Joni kapena amapezeka pa katundu wa kaunjika. Ambiri mwa amenewa anapangidwira kanema wa analogi, choncho paokha sangagwire matchanelo a digito. Amagwirabe ntchito, koma pokhapokha atamwera pa dikoda kudzera pa mawaya atatu aja, wachikasu, woyera ndi wofiira.

Pali makina awiri amene musataye nawo ndalama. Oyamba ndi DVR ya makamera achitetezo: dzina n'lofanana ndi la makina ojambulira mapulogalamu a pa TV, koma mabowo ake ndi a makamera, ilibe chogwirira matchanelo. Achiwiri ndi mabokosi ochokera ku makampani a kanema wa nthambo a ku America. Amenewo anamangiriridwa ku kampani yawo, ndipo ena ndi a magetsi a 110 V pamene athu ndi a 230 V. Werengani chikwangwani chakumbuyo musanasomeke.

Zofunika kukhala nazo pafupi: nthambo yobulungira ija ya mtundu wa RG6, ma F-connector (mitu yachitsulo yopotokolera kunsonga kwa nthambo) anayi kapena asanu ndi limodzi, mpeni wakuthwa kapena lezala, pulayasi, masipanala a 10 ndi 13, tepi yamphira yodzimata yokha, tomangira nthambo kukhoma ta mamilimita 7, waya wa HDMI kapena wa AV, ndi chosungira zojambulazo.

Nthambo ndi mitu yake

Pogula nthambo tengani maginito, ngakhale a sipika yakufa. Gunditsani pa waya wapakati. Akakakamira, ndiye kuti ndi chitsulo chongokutidwa mkuwa pamwamba. Nthambo yotere imagwira ntchito pa mtunda waufupi, mamita 15 kapena 20, koma mtunda ukatalika imadya magetsi amene dikoda imatumiza ku dishi, ndipo ikalowa madzi imachita dzimbiri msanga. Ya mkuwa weniweni ndi yodula koma ndiyo yoyenera ngati dishi ili kutali. Onaninso tiwaya tolukana tam'kati: tikakhala tochepa moti chipepala chonyezimira chikuonekera paliponse, nthamboyo ndi yachabechabe. Panja ikani yakuda. Yoyera dzuwa lathu lino limaiwaula n'kuyamba kung'ambika khungu.

Mutu wa nthambo ndi pamene pamayambira mavuto ambiri, choncho chitani modekha.

Yezani mamilimita 15 kuchokera kunsonga. Dulani khungu lakunja mozungulira, mopepuka, lezala isafike pa tiwaya tam'kati. Vulani khungulo. Pindirani tiwaya tolukana tonse kumbuyo, tigone pakhungu. Tsopano dulani chipulasitiki choyera pamodzi ndi chipepala chake, kusiya mamilimita 5 okha, kuti waya wapakati aonekere pafupifupi sentimita imodzi. Musamukande ndi lezala, chifukwa pa signal yamtunduwu mphamvu imayenda pamwamba penipeni pa waya, komanso pokandika m'pamene amadzathyokera. Potokolani F-connector molowetsa mpaka choyeracho chifike pofanana ndi pansi pa kabowo kam'kati. Waya wapakati atulukire mamilimita 2 okha kupyola mlomo wa connector. Wotsalayo dulani ndi pulayasi.

Musanamange, penyetsetsani m'katimo powala. Kawaya kamodzi kokha ka tolukana tija kakakhudza waya wapakati, magetsi amachita shoti. Dikoda ina imalemba LNB Short kapena LNB Overload (LNB ndi kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kamene nthambo imamangidwapo), ina imangozima n'kuyakanso, ina imapsa mbali yogwirira matchanelo. Pachifukwa chomwechi, musamange kapena kumasula nthambo ya dishi dikoda ili pamagetsi. Zulani pulagi kaye.

Ku dishi, kulungani connector ndi tepi yamphira, kuyambira pa nthambo kukwera mpaka pa LNB, mukuikoka kuti itanuke. Tepi wamba ya magetsi imasungunuka ulimbo ndi kutentha n'kumasuka isanathe nyengo imodzi. Pamene nthambo ikulowa m'nyumba, itsitseni kaye pang'ono kupyola bowo kenako ikwere polowa, kuti madzi a mvula azidonthera pansi m'malo motsata nthambo mpaka pa dikoda. Musaigoneke pamalata, idutseni kunsi kwa denga pamthunzi. Musaipinde ngati chigongono, ndipo musaimange pamodzi ndi mawaya a magetsi a m'nyumba.

Chifukwa chake nthambo ya dishi siigawidwa

Apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa. Munthu ali ndi dikoda yolipira pamwezi, wagula ina yaulere yojambulira, ndiye akugula kogawira ka mabowo atatu kuti onse amwere pa dishi imodzi. Matchanelo ena amabwera, ena amasowa, ndipo amene asowa lero si amene asowe mawa.

Chimene chimachitika n'chakuti dikoda imalamula LNB kudzera mu nthambo yomweyo. Ikafuna matchanelo a Vertical imatumiza 13 V, ikafuna a Horizontal imatumiza 18 V. Ikafuna matchanelo a m'munsi, a pakati pa 10.7 ndi 11.7 GHz, imakhala chete. Ikafuna a m'mwamba, mpaka 12.75 GHz, imaonjezera kamluzu ka 22 kHz. Choncho pali magulu anayi, ndipo LNB ya bowo limodzi imapereka gulu limodzi pa nthawi imodzi. Madikoda awiri akamalamula zosiyana, wa 18 V amagonjetsa mnzake. Inu mukasintha tchanelo pabalaza, dikoda yojambula imangoona mdima, ndipo imajambula mdimawo.

Njira yolondola ndi kugula LNB ya mabowo awiri, yotchedwa twin, n'kukoka nthambo ziwiri, dikoda iliyonse yakeyake. Musanachotse LNB yakale, lembani chizindikiro pa khosi pake ndi pa chogwirira chake kuti yatsopano mudzaipendeketse chimodzimodzi. Kupendekeka kumeneku kukasokonekera, poonetsa signal pa dikoda Strength (mphamvu yake) imaoneka yokwera koma Quality (ubwino wake) imagwa. Mu Antenna Setup sankhani LNB ya Universal, manambala ake 9750 ndi 10600, 22K ikhale pa Auto, LNB Power ikhale yoyatsa.

Bowo lolembedwa LOOP OUT lili ndi vuto lomwelo: limangopatsira dikoda yachiwiri gulu limene yoyamba yasankha. Likhoza kukuthandizani ngati yoyambayo izikhala yozimitsa. Explora nayo ili ndi njira yakeyake, imafuna Smart LNB ndi manambala a User Band oikidwa bwino, ndipo pamenepo ndi bwino kuitana katswiri wovomerezeka ndi kampaniyo kusiyana ndi kuyerekeza.

Mukamaliza, tsegulani poonetsa signal. Nambala yofunika ndi Quality. Madikoda amayeza mosiyana, komabe kunja kukakhala koyera yesetsani ipitirire 70. Imene ikungokwana 50 lero idzagwa mvula ya Januwale ikangoyamba. Dishi ya masentimita 90 imapirira mvula kuposa ya 60. Khoma la zidina siligwira mabawuti mphepo ikawomba. Kumbani dzenje la masentimita 60, muimike paipi yachitsulo m'simenti, mwayeza kuti yaima chilili. Yang'ananinso mitengo ya nimu ndi mango imene ili kutsogolo kwa dishi. Nthambi imene inali patali chaka chatha, chaka chino yafika, ndipo masamba onyowa amatchinga kwambiri kuposa ouma.

Eriyo ndi nkhani ina. Matchanelo a DVB-T2, monga a Kiliye Kiliye ndi GOtv, onse amabwera limodzi mu nthambo, choncho kugawa n'kololedwa. Kogawira pawiri kamadya pafupifupi 3.5 dB mbali iliyonse, kutanthauza kuti dikoda iliyonse imalandira kochepera theka la mphamvu. Chigwachi n'chotsika ndipo mapiri a ku Thyolo ndi Blantyre amatchinga, ndiye signal ya eriyo imasiyana mudzi ndi mudzi. Onani kwa mnansi kaye ngati akugwira bwino musanagule. Antenna Power ya 5 V muyatse pokhapokha ngati eriyo yanu ili ndi chokuzira mphamvu m'kati mwake.

Kuchoka pa dikoda kupita pa TV

Zonse zili zozimitsa, mangani nthambo ya dishi pa LNB IN, kapena ya eriyo pa ANT IN. Mangani ndi zala, osati pulayasi. Somekani HDMI kuchoka pa dikoda kupita pa TV. Ngati TV ndi yachimsana, gwiritsani ntchito AV: wachikasu ndi wa chithunzi, woyera ndi wofiira ndi a mawu. Somekani chosungira pa USB. Yatsani TV, sankhani Source yolondola, kenako yatsani dikoda. Chithunzi chikakhala chopanda mtundu kapena chikamathamanga, TV System ikhale pa PAL.

Kwa amene ali ndi makina akale aja, mzere wake ndi uwu: AV OUT ya dikoda ipite pa AV IN ya chojambulira, ndipo chojambulira chipite pa TV. Pa rimoti ya chojambulira dinani Input mpaka muone AV1 kapena L1, malinga ndi bowo limene mwasomeka. Mungathenso kusiya HDMI ya dikoda ikupita pa TV mwachindunji kuti muziona chithunzi chabwino, AV n'kumadyetsa chojambulira. Dziwani zinthu ziwiri. Makinawa amajambula chilichonse chimene dikoda ikuonetsa, ngakhale Menu, ngakhale mwana akasinthira ku makatuni. Komanso simungajambule kudzera pa HDMI ya dikoda yolipira, chifukwa ili ndi loko wotchedwa HDCP. Kudzera pa AV chithunzi chimatsika kukhala cha SD, chosawala bwino ngati cha HD, ndipo mapulogalamu ena amakanabe.

Fulashi kapena disiki

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Tchanelo chotumiza 1 Mbps (muyeso wa kuchuluka kwa zimene chimatumiza pa sekondi) chimadya 450 MB pa ola. Matchanelo a SD kawirikawiri amakhala pa 2 mpaka 3 Mbps, ndiye kuti 1 GB kapena kuposerapo pang'ono pa ola. A HD amakhala cha pa 6 mpaka 8 Mbps, kutanthauza pafupifupi 3 GB kapena kuposa pa ola. Masewero a mpira, kuphatikiza kupuma ndi mphindi zoonjezera, ndi maola awiri: 6 kapena 7 GB pa HD. Fulashi ya 32 GB, imene dikoda imaiona ngati 29 GB, imasunga masewero anayi a HD. Disiki ya 500 GB imapitirira maola 130.

Mafulashi achinyengo ndi ambiri m'misika. Pachikuto alemba 64 GB, kompyuta nayo imaonetsa 64 GB, koma m'kati muli 8 GB yokha. Imajambula bwinobwino masiku oyamba, kenako mafayilo amayamba kukana kutseguka. Pitani nayo kwa oika nyimbo pa kompyuta, aiyese ndi pulogalamu ya H2testw, kapena aidzaze mafilimu mpaka pakamwa n'kutsegula oyamba ndi omaliza. Fulashi yeniyeni koma yochedwa kulemba nayonso ili ndi chizindikiro chake: mukamaonera tchanelo chithunzi chili bwino, koma chojambulidwa chikudumphadumpha.

Hadi disiki yaing'ono, ya mainchesi 2.5, vuto lake ndi njala ya magetsi. Bowo la USB 2.0 linapangidwa kuti lizipereka 500 mA pa 5 V, pamene disiki ikamayamba kuzungulira ingafune pafupifupi 1 A. Ikapanda kukhuta mumamva ikulira kuti thi, thi, thi, kagetsi kake kakuyaka, koma dikoda n'kulemba kuti No USB Device. Kapena imayamba bwino n'kufera pakati pa pulogalamu. Musathamangire kunena kuti disiki yafa. Werengani adaputa ya dikoda. Ambiri amabwera ndi ya 12 V 1 A, yomwe ikudyetsa kale dikoda ndi LNB. Ikani ya 12 V 2 A ya mutu wofanana. Ma ampeya ochuluka saononga kanthu, dikoda imangotenga amene ikufuna. Ma volti ndi amene asasinthe. Zikakanikabe, gulani waya wa USB wa mitu iwiri, mutu wachiwiriwo usomekedwe pa chaja ya foni ya 2 A, kapena USB hub yokhala ndi adaputa yake. Waya wa disiki akhale wamfupi, wosapitirira theka la mita. Disiki yaikulu ya mainchesi 3.5 imafuna adaputa yakeyake ya 12 V nthawi zonse.

Kwa amene thumba likulola, SSD ya 240 GB m'kabokosi ka USB ndiyo yoyenera kuno. Ilibe chozungulira m'kati, siopa kugwedezeka, ndipo siivuta podzuka ngati disiki yozungulira.

Chosungira chatsopano chifomatidwe pa dikoda pomwepo: Menu, PVR kapena USB, kenako Format. Kufomata kumafufuta zonse, ndiye zithunzi za ukwati ndi nyimbo zisamutseni kaye. Mukafunsidwa, dziwani kuti FAT32 siilola fayilo imodzi kupitirira 4 GB. Madikoda ambiri amangodula okha n'kuyamba fayilo ina, koma ena amaimira pomwepo, mpira uli m'chigawo chachiwiri. NTFS ilibe malire amenewa, sankhani imeneyo ngati ilipo. Mafulashi a 64 GB kupita m'tsogolo amabwera ndi exFAT, yomwe madikoda ambiri otchipa saiwerenga. Ambirinso saona disiki yoposa 2 TB.

Timeshift, imene imakulolani kuimitsa pulogalamu ikuulutsidwa, ndi yokoma, koma ikakhala pa Auto imalemba pa chosungira nthawi yonse imene dikoda ili yoyaka. Fulashi imatha msanga ndi kulembedwa kosalekeza. Ngati mukugwiritsa ntchito fulashi, izimitseni.

Tsopano yesani. Dinani REC pa nkhani za MBC, Times kapena Zodiak, mudikire mphindi 10, dinani STOP, ndipo muonere zonse, osati poyambira pokha. Mukujambula choncho yesani kusintha tchanelo. Dikoda ya chogwirira matchanelo chimodzi imakulolani kupita ku matchanelo okhawo amene ali pa frequency imodzi ndi chimene chikujambulidwa; ena onse amatsekeka mpaka kujambula kutatha. Si kuonongeka, ndi mmene inapangidwira. Uzani a m'nyumba zimenezi, chifukwa dikoda ikafunsa ngati isiye kujambula, munthu amene sakudziwa amangodina OK.

Wotchi

Madikoda ambiri alibe batire losunga nthawi. Amaitenga ku tchanelo chimene atsegula. Malawi ali pa GMT+2 chaka chonse, ndiye mu Time Setting ikani +02:00, ndipo Summer Time ikhale yozimitsa. Pa madishi aulere pamakhala matchanelo ena otumiza nthawi yolakwika, moti dikoda ikagona pa tchanelo chotero imadzuka ndi tsiku lina. Pezani tchanelo chimene nthawi yake imagwirizana ndi ya pa foni yanu, muzisiya dikoda pamenepo.

Ngati mukadina EPG pa rimoti dikoda ikuonetsa ndandanda ya mapulogalamu, sankhani pulogalamu n'kudina batani lojambulira. Matchanelo ambiri aulere ndandanda yawo imakhala yopanda kanthu, choncho lowani mu Timer mulembe nokha: tchanelo, tsiku, nthawi yoyambira, kutalika kwake, ndiponso ngati ndi kamodzi, tsiku lililonse kapena sabata iliyonse. Pa Mode sankhani Record. Mukasiya pa View, dikoda idzangotsegula tchanelocho osajambula. Nthawi ndi ya maola 24, ndiye 7 koloko madzulo ndi 19:00. Yambani mphindi 5 nthawi isanakwane, ndipo kumapeto onjezerani mphindi 20, popeza mapulogalamu amoyo sasunga nthawi. Pa mpira wa chikho onjezerani ola lathunthu, kuopa mphindi 30 zapadera ndi mapenate.

Pochoka, zimitsani ndi rimoti kuti ikhale pa standby. Mukazimitsa pakhoma palibe chimene chingaidzutse. Fufuzaninso Auto Standby, imene imagoneka dikoda ikatha maola atatu kapena anayi osakhudzidwa, muizimitse. Pa madikoda ena imadula ngakhale kujambula.

Magetsi

Anthu a kuno sitifunika kuuzidwa za kuthima kwa magetsi. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ngakhale popanda zoterezi, mvula yamkuntho imagwetsa mapolo. Magetsi akazima disiki ikulemba, fayilo imatsala yosatsekedwa, ndipo nthawi zina ndandanda ya mafayilo onse imasokonekera.

TV guard ndi yofunika: imadula magetsi akakwera kapena akatsika mopyola, ndipo akabwerera imadikira kaye asanalowe. Koma siisunga magetsi. Chosunga ndi UPS. Ya 650 VA nthawi zambiri imakhala ndi batire la 12 V 7 Ah, omwe ndi 84 Wh. Dikoda yaing'ono ndi disiki yake zimadya cha pa 12 W. UPS nayo imadyako yake, ndiye yembekezerani maola awiri kapena atatu batire likakhala latsopano. Somekanipo dikoda ndi disiki zokha. TV ikakhalapo, nthawiyo imatsika kwambiri, chonsecho pojambula TV siifunika. Ma UPS ena amadzizimitsa akaona kuti katundu ndi wochepa kwambiri, choncho yesani pozula pulagi kukhoma n'kudikira mphindi 15. Tima UPS ting'onoting'ono ta 12 V, topangira ma router a intaneti, timachita bwino pa ntchitoyi chifukwa sitisandutsa magetsi kawiri, komanso sitilira usiku. Batire la lead limafupika moyo ndi theka pa madigiri 10 aliwonse opitirira 25, ndiye kuno musadabwe likafooka msanga.

Pa sola, dikoda ya 12 V ingamwere pa batire popanda inveta, ndipo mumapulumutsa mphamvu. Chenjezo n'lakuti masana batire likamatchajidwa limafika 14.4 V, ndipo si dikoda iliyonse imene imapirira. Ikani pakati kachipangizo kosunga 12 V yokhazikika, ndi fyuzi ya 3 A pafupi ndi batire pa waya wofiira. Pa mitu yambiri yobulungira, pakati ndi pa +, koma tsimikizani pa chithunzi chimene chili pa adaputa. Mukatembenuza, dikoda imapsa nthawi yomweyo. Usiku batire likatsika, choyamba kugonja ndi disiki, kenako matchanelo a Horizontal.

Mphezi siisankha njira. Imalowera ku mawaya a magetsi, imaloweranso ku nthambo ya dishi, ndipo TV guard siingaiimitse. Lumikizani paipi ya dishi ndi waya wamkuwa wokhuthala ku ndodo ya earth yokhomedwa pansi. Kukayamba kugunda chapatali, zulani pulagi n'kumasula nthambo ya dishi. Ziphaliwali zikafika pamutu, musakhudzenso nthamboyo.

Kutentha, fumbi ndi madzi

Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu, Bangula ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba yamalata yopanda siling'i kumaposa pamenepo. M'kati mwa dikoda mumatentha kuposa m'chipinda. Ma hadi disiki ambiri malire awo ndi madigiri 55 mpaka 60, ndiye masana a mwezi wa Novembala mpata wotsala ndi wochepa. Dikoda ikatenthedwa imauma chithunzi, rimoti n'kusiya kumveka, kapena imazima n'kuyakanso yokha.

Chotsani kansalu koluka kamene kamayalidwa pamwamba pa dikoda. Kukongola kwake sitikukana, koma kamatseka timabowo totulutsira mpweya. Musaiike m'kabati yagalasi yotseka, musaisanjike pa amplifaya kapena pamsana pa TV, ndipo disiki isagone pamwamba pa dikoda. Siyani masentimita 10 mbali zonse. Ikwezeni pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi. Kafani ka USB kamathandiza kwambiri, koma kamwere pa chaja ya foni, osati pa dikoda pamene disiki ikulimbirana kale magetsi. Kamodzi pamwezi, magetsi atazimitsidwa, sesani timabowo ndi burashi youma. Mphemvu ndi nyerere zimakonda kufunda kwa m'katimo, choncho pashelefupo pasakhale zakudya, ndipo mankhwala ophera tizilombo musapopere m'kati mwa makina.

Madzi osefukira a 2015, a 2019 ndi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa pamene madzi amafika m'nyumba za ku Makhanga, ku East Bank ndi m'mbali mwa mitsinje ya Mwanza ndi Ruo. Ngati muli kumalo otsika, khomani shelefu pa mita imodzi ndi theka, ndipo ekisitenshoni isagone pansi. Makina akanyowa musawayatse kuti muone ngati ali moyo, poti kuyatsako n'kumene kumawapha. Apite kwa wokonza awatsegule, awatsuke matope, aume masiku angapo.

TV yachiwiri, ndi zotsala zimene zimavuta

Dikoda ikakhala ndi RF OUT, kokani RG6 kupita ku bowo la eriyo la TV ya kuchipinda, ndipo TV imeneyo isake matchanelo a analogi. Nambala ya tchanelo imasankhidwa mu Menu ya dikoda, pakati pa 21 ndi 69. Chithunzi chikabwera koma mawu n'kumangoti waaa, sinthani Sound System pakati pa I ndi BG mpaka TV ndi dikoda zigwirizane. TV zonse ziwiri zizionetsa chinthu chimodzi. HDMI wamba musaidalire kupitirira mamita 10.

A mavidiyo sho, kujambula kuti mukaonere nokha kunyumba ndi nkhani ina, kulipiritsa anthu pakhomo kuti aonere zimene mwajambula ndi inanso. Pamenepo pamafunika chilolezo, ndipo COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, ndi eni matchanelo ali ndi mbali yawo.

Chojambulidwa chikamaphwanyika m'timabokosi nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, makamaka masana, ganizirani kutentha, kapena connector ya panja imene yayamba kumasuka. Chikamaphwanyika kukakhala mphepo, mabawuti a dishi alekerera. Matchanelo a Horizontal okha akasowa, 18 V sikufika ku LNB: nthambo yatalika, yalowa madzi, kapena adaputa yafooka. Masulani connector ya ku dishi muone. Mkuwa ukasanduka wobiriwira kapena wakuda, dulani masentimita 30 n'kuika mutu wina, ndipo ngati pamenepo pali ponyowabe, sinthani nthambo yonse. Timer ikadutsa osajambula, onani zinthu zitatu motsatana: nthawi ya pa dikoda, malo otsala pa chosungira, ndiponso ngati ma timer awiri sanagundane.

Pochotsa chosungira, dinani STOP, sankhani Remove USB ngati ilipo, kapena zimitsani dikoda mudikire kagetsi ka disiki kasiye kuphethira. Mafayilo a madikoda aulere ambiri amathera ndi .ts, ndipo pa kompyuta kapena pa foni amatseguka ndi pulogalamu ya VLC. Ojambulidwa pa matchanelo olipira amakhala okhomedwa, amaonereka pa dikoda yomweyo basi, ndipo kawirikawiri pokhapokha mwezi uli wolipira. Disiki imene yakana kuwerengeka magetsi atazima musaifomate msanga. Isomekeni pa kompyuta ya Windows, dinani kumanja pa dzina lake, lowani mu Properties, kenako Tools, kenako Check. Nthawi zambiri mafayilo akale amabwerera, n'kutayika yokhayo imene inkalembedwa pa nthawiyo.